Dzina Limene Mwanamvua Sankalitchula

Mwanamvua, mwana wa mlongo wanga, anabadwa akukangana ndi azamba. Ine ndinali panja tsiku limenelo, ndipo ndikhoza kulumbira kuti kulira kwake sikunali kwa khanda. Kunali kufunsa kuti ndani wamugwira mwendo osapempha. Mvula imene inakana kugwa chaka chonse inachita mantha n'kugwa nthawi yomweyo, ndipo dzina lake linachokera pamenepo. Mlongo wanga amati ndimawonjezera nkhani. Iyeyo anali m'nyumba akubuula, za panja akanazidziwa bwanji?

Ine ndine Swadick, mjomba wake. Ndinayendetsa malole a nsomba zouma kuchokera ku Mangochi kuno kupita ku Limbe mpaka msana unandikana ntchito. Masiku ano ndimakhala pakhonde n'kumakonza makhalidwe a anthu odutsa.

Mwanamvua anakula akuluka mikeka ya mlaza, ndipo mpaka lero ndiyo ntchito yake. Amaigulitsa m'mbali mwa msewu wopita ku Makokola, kumene alendo a ku mahotela amaima n'kumaigwiragwira. Mkeka wake ndi wothithikana moti mukhoza kutungira madzi, ndipo nyerere ikafuna kudutsa imachita kuzungulira. Mlendo wina anagula umodzi n'kukauyala kwawo kutsidya la nyanja zamchere, ndipo ndinamva kuti nyumba inagwa ndi chivomezi koma mkekawo unatsala uli bwinobwino. Ndani anandiuza, musandifunse.

Atafika pa msinkhu, kunabwera mnyamata wina telala, dzina lake Sumani, mwana wa Che Yunus a ku Namwera. Anali woonda ngati singano ya makina ake omwe. Akaima chammbali ankasowa, mpaka unkachita kumuitana kuti udziwe pamene ali. Ine monga mwini mbumba ndinamufunsa mafunso oopsa, ndinamuuza kuti mtsikanayu anamenyapo ng'ona ndi chipande, koma iye anangomwetulira n'kunena kuti ng'onayo iyenera kuti inayamba ndiyo. Ndinadziwa pomwepo kuti ukwatiwo ukhala.

Tsopano pali chinthu chimene muyenera kuchidziwa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Kwathu kuno mkazi woleredwa bwino satchula dzina la mwamuna wake. Atsikana a masiku ano ena anazisiya, amangokuwa dzina la mwamuna ngati akuitana nkhuku. Koma Mwanamvua anachigwira chimenechi ndi manja awiri. Asanabereke ankangoti "awa," kapena "eni nyumba." Atabadwa mwana wawo Nasra, Sumani anasanduka "bambo a Nasra," ndipo zinathera pomwepo.

Ine ndinaiona imeneyi ngati nkhondo yanga. Ndinkamutchera misampha m'mawa ndi masana.

"Mwanamvua, ndi ndani uja wandisokera thalauza mwendo umodzi wautali?"

"Bambo a Nasra. Koma miyendo yanu ndi imene ili yosiyana, mjomba."

"Kuli kalata yochokera kuboma, akufuna dzina la mwamuna wako lero lomwe, apo ayi akulanda nyumba."

"Auzeni abwere, ndiwalozera munthuyo."

Tsiku lina ndinaimika mbuzi yanga yaikazi pabwalo, yonenepa moti mthunzi wake unkalemera, n'kunena kuti akangotchula dzinalo kamodzi, ngakhale monong'ona, mbuziyo ndi yake. Anaiyang'ana mbuziyo, anayang'ana mwamuna wake amene ankaseka kuseri kwa makina, n'kunena kuti, "Isungeni, mjomba. Ikadzakalamba muzidzacheza nayo."

Sumani anapita ku Joni monga amachitira anyamata ambiri a kuno. Ankasoka makatani m'sitolo ya mmwenye, ndipo nyumba yawo inafoleredwa malata. Utabwera mliri wa korona ntchito zinatsekedwa kumeneko, ndipo kumapeto kwa chaka chimenecho anabwera pa mabasi aja ankabweza anthu kwawo. Anafika ndi sutikesi imodzi, mafuta onunkhira a mkazi wake, ndi chipewa changa chimene chinandikwana bondo m'malo mwa mutu.

Sipanapite nthawi anayamba kutentha thupi. Kenako mpweya unayamba kumuchepera. Masiku amenewo mphekesera zinali zambiri kuposa usipa, ena ankati ukalowa m'chipatala ndi chifuwa sutulukamo, ndipo Sumani anapempha kuti ayambe wafukiza masamba a bulugama kunyumba. Mwanamvua anamumvera poyamba. Ataona kuti munthu akulephera kumaliza mawu amodzi osapuma, anaitana njinga yamoto ya kabaza, anamukhazika pakati, iye n'kukhala kumbuyo atamumanga kuchifuwa kwake ndi chitenje ngati mwana.

Pachipatala chaching'ono cha m'dera lathu anamwino anachita zimene akanatha. Makina opatsa mpweya analipo amodzi, magetsi ankabwera n'kumapita, ndipo ambulansi yoti imutengere kuboma inali itanyamula wodwala wina. Sumani sanaidikire.

Pano sindiwonjezera kalikonse, chifukwa palibe chimene ndingawonjezere. Maliro a Msilamu timasambitsa tokha, timaveka sanda yoyera ndi manja athu, timanyamula jeneza, chithatha cha malirocho, mosinthanasinthana kuti aliyense aikepo phewa. Kwa Sumani sizinatero. Anabwera naye anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, atamukulunga m'pulasitiki. Ife tinaima patali pansi pa mtengo wa mango, ndipo Shehe Uladi anapemphera ali chapatali pomwepo, mawu akutsekeka m'kansalu ka pakamwa. Sadaka ya masiku makumi anayi, imene timaphika mpunga n'kusonkhana kumupempherera womwalirayo, sinachitike chifukwa misonkhano inali yoletsedwa. Chiletso chitatha, abale ake a ku Namwera ankadikira ife, ife tinkadikira iwo, ndipo zaka zinadutsa pakati pathu.

Choipa kwambiri chinali pakamwa pa anthu. Ankati matenda anafika m'mudzi muno ndi sutikesi ija. Palibe ankanena poyera, koma dzina la Sumani linangozimiririka. Akafuna kumunena ankati "uja wa ku Joni," kapena kungoti "uja." Anthu amene anavala zovala za Idi zosokedwa ndi manja ake anaiwala dzina lake ngati anachita kupangana.

Mwanamvua, uja anabadwa akukangana, anakhala chete. Ankaluka, ankagulitsa, ankatumiza Nasra kusukulu. Ndinkamuponyera nthabwala, zinkangomira ngati mwala m'matope.

Chaka chatha kunabwera mtsikana wina dzina lake Celestina. Makolo ake anathawa nkhondo ya ku Mozambiki n'kukhazikika cha kumalire, ndipo iye anaphunzira mpaka kulembedwa ntchito ndi gulu lina lochita kafukufuku wa zaumoyo. Anayamba kufikira kwa ine, popeza anamuuza kuti mwini mbumba ndine. Anagwada bwinobwino, ngakhale anavala jombo zoti akhoza kuwolokera nazo Shire.

Anafotokoza kuti za mmene mliri unayendera m'mizinda ikuluikulu zinalembedwa kwambiri, koma za kumidzi ngati kwathu kuno sizikudziwika bwino. Ndani anadwala, anafika kuchipatala mochedwa bwanji, anapezako chiyani, anachira kapena ayi. Ankasonkhanitsa zimene zipatala zing'onozing'ono zinalemba, n'kumafunsanso achibale, kuti zonse zikaphatikizidwe ndi za madera ena, anthu ophunzira aone pamene pankathera miyoyo. Koma za Sumani sakanazitenga popanda chilolezo cha mkazi wake.

"Zimenezo zisiyireni ine, mwanangu," ndinatero. "Ine ndinanyengererapo wapolisi wa pamsewu mpaka anandikankhira lole."

Tinamupeza Mwanamvua pakhonde akung'amba mlaza. Celestina anafotokoza zonse mwaulemu, n'kunenanso kuti kukana n'kololedwa, palibe chimene chingamuchitikire. Mwanamvua anamvetsera osasiya ntchito. Kenako anafunsa ngati zimenezi zingathandize kuti makina a mpweya adzakhale awiri.

"Kulonjeza sindingalonjeze, amayi," anatero Celestina. "Koma opempha makinawo amafunsidwa umboni, ndipo umboni wa kuno ndi wochepa."

Mwanamvua anapukuta chala chachikulu pachitenje n'kuchitambasula kuti adinde papepala lachilolezo. Nkhani inali itatha. Koma inu mukundidziwa, sindingaone mphika ukuwira bwino osaponyamo kanthu.

"Ndipo usaope za dzina," ndinatero. "Anthu awa amalifufuta. Amalichapa ndi sopo, amalitsuka, amaliyanika, n'kuikapo nambala. Ngakhale mayi ake omubereka atapita ndi tochi sangamupezemo."

Chala chija chinaima m'malere.

"Mufufuta dzina?"

"Inde, amayi," Celestina anayankha msanga, akuganiza kuti akumulimbitsa mtima. "Ndi lamulo lathu. Palibe amene adzadziwe kuti anali ndani."

Mwanamvua anabweza dzanja lake, anatola mpeni n'kuyambiranso kung'amba mlaza. "Muyende bwino, achemwali. Mjomba, aperekezeni alendo."

Ndinamuperekeza mtsikanayo mpaka pamsewu, iye akundiyang'ana ngati munthu amene wamulonjeza bwato n'kumupatsa lichero. Anandiuza kuti gulu lawo lichoka m'dera lathu mwezi ukatha, ndipo amene sanalowe m'kafukufukuyo pofika nthawi imeneyo ndiye kuti atsala.

M'mawa mwake ndinapita ndekha kwa Mwanamvua. Ndinakhala pa mkeka wosamaliza, iye anandichotsapo, ndinakhala pansi.

"Abiti Jaffalie," ndinamuitana ndi dzina la bambo ake, monga ndimachitira ndikafuna kuti andimvere, "wandichititsa manyazi pamaso pa jombo zija. Ena onse akuopa kuti maina awo amveka, iwe ukukwiya kuti dzina libisika. Unabadwa chagada kodi?"

Anapitiriza kuluka. Kenako analankhula maso ali pa mlaza.

"Thupi anatenga a zoyera aja, sindinalione. Sanda sitinaveke. Mpunga sitinaphike. Pamudzi pano ndi 'uja.' Tsiku lija kuchipatala namwino anandifunsa dzina lawo, iwo anali asakuthanso kulankhula, ndiye ndinatulutsa chitupa chawo m'thumba la malaya n'kumupatsa. Ndinamuona akulemba. Ndi munthu womaliza amene analisamala dzinalo, mjomba. Ndiye mwabwera ndi mlendo kuti nalonso mulichape ndi sopo."

"Za sopo zija ndinangokometsera."

"Mumakometsera chilichonse."

"Komatu ndiwe wodabwitsa. Dzina lomwelo unalikanira mbuzi. Zaka zonse zija sunalitchulepo ngakhale kutulo, ndinkafunsa kwa mwini wake."

Apo anandiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni maliro ndinaona maso aja anaopseza azamba.

"Ine sindinkalitchula chifukwa ndinali nalo. Anthu a pamudzi pano salitchula chifukwa analitaya. Musaziphatikize."

Ndinatseka pakamwa. Amene amandidziwa akuuzani kuti zimenezi zinachitikapo kamodzi kokha m'mbuyomu, pamene dokotala ankandizula dzino.

Ndinamuimbira foni Celestina n'kumuuza zonse, osathira mchere ngakhale pang'ono, ndipo lilime linandiwawa chifukwa chosazolowera. Anabweranso madzulo ake dzuwa likadalipo. Ulendo uno sanatulutse pepala. Anakhala pansi, anatola mlaza n'kuyamba kuthandiza kung'amba, moipa kwambiri moti mbuzi zinabwera kudzaonerera.

Anafotokoza kuti zolembedwa za kuchipatala zikhala mmene zilili, dzina silichoka m'menemo. Chimene chimapita kutali ndi nkhani ya matendawo yokha, ndipo dzina amalisiya dala kuti munthu wina asadzalozedwe chala.

"Inuyo mukudziwa kuposa ine mmene chala chimawawira," anatero. "Pali mabanja ena amene anavomera chifukwa choti dzina libisika. Sindingasinthe lamulo limeneli, amayi, ndipo kunena zoona sindikufuna kulisintha."

"Sindikuti mulisinthe," Mwanamvua anayankha. "Kubisa si koipa. Ine ndabisa zaka zambiri kuposa inu. Koma munthu amabisa chimene akuchidziwa. Inu bambo a Nasra mukuwadziwa?"

"Ayi, amayi."

"Ndiye mubisa chiyani?"

Mwanamvua anatembenukira kwa ine.

"Mjomba, mupite ku Namwera mukawauze akuchimuna kuti Loweruka likubwerali kuli sadaka. Asabwere ndi zifukwa, abwere ndi mpunga. Muuzenso Shehe Uladi. Ndipo inu achemwali, mubwere mudzadye. Mukadzamva dzinalo ndi makutu anu, tidzakambirana za pepala lanulo."

"Loweruka sindigwira ntchito, amayi."

"Ndi chifukwa chake ndasankha Loweruka. Sindikuitana ofesi."

Ndinapita ku Namwera pa minibasi imene inanyamula anthu ochuluka moti kondakitala anatsala pa siteji chifukwa chosowa malo. Achimwene ake a Sumani anandilandira ndi manyazi, ine ndinawalandiranso ndi anga, ndipo tinagwirizana kuti manyazi awiri akakumana amakwana thumba la mpunga. Mbuzi ndinapereka ine, mdzukulu wa ija yonenepa.

Tsikulo Mwanamvua anayala mikeka yake yonse pabwalo, ngakhale imene alendo anali ataitanitsa kale. Ndinkaopa kuti anthu sabwera. Koma fungo la mpunga wa nyama lilibe mdani, ndipo mwina ena anali atatopa ndi kunyamula "uja" m'kamwa. Anabwera. Ena anavala mikanjo yosokedwa ndi Sumani yemweyo, ulusi wake usanasomoke ngakhale umodzi. Celestina anafika pa minibasi atafunda mpango kumutu, jombo atazisiya kwawo, n'kukhala kumbali ya azimayi ngakhale iye ndi wa tchalitchi.

Shehe Uladi wakalamba tsopano, mawu ake amanjenjemera. Anawerenga, anapemphera, ndipo atafika pomutchula womwalirayo anakweza mawu, popanda kansalu pakamwa. Anati Mulungu amukhululukire Sumani mwana wa Yunus, amukulitsire manda ake, amuwalitsire. Bwalo lonse linayankha kuti amina. Ndinayang'ana amene ankati "uja," milomo yawo inayankha nawo. Kumbali ya azimayi Mwanamvua anakweza manja ake awiri osagwedezeka, Nasra atamutsamira paphewa.

Ine chinandilowa m'maso ndi utsi wa kukhitchini. Panali utsi wambiri tsiku limenelo, funsani aliyense.

Anthu atadya n'kubalalika, Mwanamvua anamuitana Celestina pakhonde.

"Tulutsani zija."

"Ndikhoza kubwera Lolemba, amayi. Lero ndabwera kudzadya basi."

"Mwadya. Ndakuonani, munawonjezera kawiri. Tulutsani."

Celestina anatulutsa pepala lachilolezo m'chikwama, ndi foni yake ija yaikulu ngati thireyi. Anawerenganso zonse kuyambira poyamba, Mwanamvua anadinda chala. Ndiye panabwera funso loyamba, lotsimikizira kuti munthu amene akukambidwa ndi yemwe analembedwa kuchipatala. Mtsikanayo anali ataphunzira mwambo wathu, choncho anatembenukira kwa ine.

"A mjomba, dzina la malemu?"

Ndinatsegula pakamwa, koma Mwanamvua anakweza dzanja.

"Afunse ine mwini wake."

Anakonza mpango wake. Anayang'ana pakona ya khonde pamene pankakhala makina osokera. Ndiye ananena motsitsa, pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuyesa kuponda mwendo umene unali m'chikhakha.

"Sumani. Sumani Yunus."

Ngakhale nkhuku zinaima ndi mwendo umodzi, ndipo pamenepa sindikuwonjezera kwenikweni.

Atatero anafotokoza zonse, zimene kuchipatala sakanazidziwa. Za masamba a bulugama ndi mantha amene anawachedwetsa. Za msewu wa mchenga umene njinga inkatitimira, mpaka iye kutsika n'kumakankha mwamuna wake ali chogwirira woyendetsa. Za magetsi. Za namwino amene anamupatsa mpando ndi madzi akumwa. Celestina ankalemba zonse.

Pomaliza anamuonetsa pagalasi la foniyo. Pamene panali dzina panabwera nambala.

"Ndi imeneyi, amayi. Kuchokera pano kupita kutsogolo adziwika ndi iyi."

Mwanamvua anaiyang'anitsitsa. "Kumene ikupitako ikakhala yokha?"

"Ayi. Kuli ena ambiri. A ku Makanjira, a ku Chilipa, a m'maboma ena, ngakhale a m'maiko ena. Ena anachira, ena ayi. Onse ali pamodzi."

"Ndiye kuli bwino," anatero. "Tsiku lija anapita okha."

Celestina atanyamuka, ine ndinayamba kuzemba chammbali, chifukwa ndinali nditakumbukira kanthu kena ndipo ndinkapemphera kuti iye asakumbukire. Ndinali nditafika pa mpanda.

"Mjomba."

"Ndikuthamangira swala ku mzikiti, mwanangu."

"Nthawi yake sinakwane. Mbuzi yanga ija."

"Mbuzi iti? Mwangomaliza kuidya. Mafupa ake ndi awo agalu akukanganirana."

"Imeneyo inali ya bambo a Nasra. Yanga munati ndikadzatchula. Ndatchula, mboni inalipo, ya boma."

"Si wa boma, ndi wa kafukufuku."

"Yaikazi, mjomba. Yonenepa. Musabwere ndi ija yotsokomola."

Ndinadandaula kuti akundisiya wamasiye, kuti khola langa lonse lidzalira mpaka ku Mponda adzamva, kuti ndidzafa ndi chisoni mbuziyo isanafike pakhomo pake. Iye ankapinda mikeka osandiyang'ana, koma mapewa ake ankagwedezeka, ndipo sikunali kulira.

Ndinaipereka m'mawa mwake. Inabereka mapasa mwezi wathawu, ndipo imandidutsa pamsewu osandipatsa moni. Dzina lija Mwanamvua sanalitchulenso. Ndinayesapo ndi nkhosa, anandiuza kuti ndiisunge.